Mphunzitsi Kokubo sanalakwitse

Pa 25 July 2019, Yohei Kokubo, mphunzitsi wa timu ya baseball ya sukulu ya sekondale ya Ofunato ku Japan, anadzidanitsa ndi anthu ambiri m'dzikomo. Timu yake inali itafika ndime yomaliza ya mpikisano wa chigawo cha Iwate, ndipo wopambana akanapita ku Koshien, bwalo limene mnyamata aliyense wa ku Japan wokonda masewerawa amalilota. Ofunato inali isanapondeko pa mpikisano wa m'chilimwe chipitireni mu 1984. Kokubo anali ndi Roki Sasaki, mnyamata wa zaka 17 amene ankaponya mpira pa liwiro la makilomita 163 pa ola. Koma anamusiya pa benchi. Hanamaki Higashi inawakwapula 12 kwa 2.

Mafoni olalata anavumba pasukulupo. Isao Harimoto, katswiri wakale, anadzudzula Kokubo pa wailesi ya kanema, pomwe Yu Darvish, woponya mnzake wa Sasaki, anamuikira kumbuyo. Ine ndili mbali ya Darvish, ndipo sindikuona chokambirana.

Taonani zimene dzanja la mwanayu linali litapirira. Masiku anayi m'mbuyomo anaponya maulendo 194 m'masewero amodzi. Dzulo lake anaponyanso 129. Kuponya kwa baseball si kuponyerana kwa ana pabwalo: thupi lonse limapotokola, ndipo mphamvu yake imathera paphewa ndi pakamtsempha ka m'chigongono. Kakaduka, ndi opaleshoni, kenako chaka chathunthu osaponya.

Vuto ndi lakuti Koshien imakonda mwana wovutika. Mpaka lero amasimba za Daisuke Matsuzaka wa sukulu ya Yokohama, amene mu 1998 anaponya maulendo 250 tsiku limodzi polimbana ndi PL Gakuen, mawa lake n'kubweranso, mkucha wake n'kutenga chikho. Boston Red Sox inalipira madola oposa 51 miliyoni kuti ingokambirana naye, ndipo anapambana nayo World Series mu 2007. Pofika 2011 chigongono chinali chitang'ambidwa ndi madokotala. Tsiku lotsanzika mu 2021, atavalanso yunifolomu ya Seibu Lions, mpira wake wothamanga kwambiri unangofika makilomita 118 pa ola. Palibe angalumbire kuti Koshien yokha ndiyo inamudya. Koma ndani angalumbire kuti sinalumeko? Mu 2018 Kosei Yoshida wa Kanaashi Nogyo anaponya maulendo 881 pa mpikisano umodzi, dziko lonse likuomba m'manja. Akuluakulu amene ankalira ndi chisangalalo aja mapewa awo sankawawa.

Otsutsa amati Kokubo anabera anyamata enawo loto lawo, ndipo ambiri mwa iwo mwayi wotere sudzabweranso. Izi n'zoona, ndipo zimapweteka, makamaka kwa ana a m'gombe limene tsunami ya mu 2011 inasesa. Sasaki mwiniwake bambo ake anafera momwemo. Koma loto la timu yonse silingasenzetsedwe chigongono cha mwana mmodzi. Amatinso mwanayo akanafunsidwa akanavomera kuponya. Inde akanavomera! Wa zaka 17 uti angakane anzake akumuyang'ana? N'chifukwa chake pabenchi pamakhala munthu wamkulu.

Timu ya Chiba Lotte Marines itatenga Sasaki, inamusunga chaka chonse cha 2020 osamuponyetsa m'masewero. Pa 10 April 2022, ali ndi zaka 20, anakumana ndi omenya 27 a Orix Buffaloes ndipo palibe ngakhale mmodzi anafika poima poyamba; 19 mwa iwo anawatulutsa ndi kuponya kokha, 13 motsatizana. Masewero opanda banga ngati amenewa anali asanaonekenso mu ligi ya Japan kuyambira 1994. Phewa linamuvutabe mu 2025 ali ku Los Angeles Dodgers, ndipo adani a Kokubo angakondwe nazo. Kwa ine zikungosonyeza kuti thupi limene mphunzitsiyu ankaliopera linalidi losalimba.

Bungwe loyang'anira baseball ya m'sekondale linakhazikitsa malire mu 2020: woponya asapitirire maulendo 500 pa sabata. Ena anati nkhani yatha. Lamulo limeneli silikanaletsa 250 a Matsuzaka a tsiku limodzi aja, ndipo Sasaki likanamulola kuponya pa 25 July.