Aphunzitsi, musawauze ana mathero a nkhaniyi

Pa 26 June 1948 magazini ya ku America ya The New Yorker inasindikiza nkhani yaifupi ya mayi Shirley Jackson yotchedwa The Lottery, kutanthauza maere. M'miyezi yochepa chabe mayiwa analandira makalata oposa 300, ambiri a mkwiyo, ndipo anthu ena anasiyiratu kugula magaziniyo. Enanso analemba kufunsa kuti mudzi umenewu uli kuti, akufuna akaonerere. Boma la South Africa linailetsa. Lero nkhani yomweyo ndi imodzi mwa nkhani zimene ana a sekondale ku America amaziwerenga kwambiri, ndipo nkhawa yanga ndi yakuti m'kalasi ndi momwe ingathe mphamvu kuposa m'manja mwa oiletsa aja.

Nkhaniyo ili motere. M'mudzi wa anthu pafupifupi 300, m'mawa wa pa 27 June, anthu akusonkhana pabwalo. Anyamata akutola miyala n'kuiunjika pakona, abambo akukamba za mvula ndi misonkho, amayi akufika akuseka. Mutu wa banja lililonse ukutola kapepala m'bokosi lakuda lakalekale. Maere agwera banja la a Hutchinson, kenaka agwera mayi wa m'banjamo, Tessie. Anzake omwe amacheza nawo aja akumugenda ndi miyala, ndipo zonse ziyenera kutha msanga kuti anthu akadye nkhomaliro.

Tsono onani njira yachidule yophunzitsira. Mphunzitsi amalemba pa bolodi kuti bokosi lakuda likuimira mwambo, dzina la a Graves likuimira manda, dzina la Delacroix m'Chifalansa likunena za mtanda, ndipo Hutchinson akukumbutsa Anne Hutchinson amene anapirikitsidwa ku Massachusetts mu 1638 chifukwa chotsutsana ndi akuluakulu a mpingo. Ana amakopera, kuloweza, n'kukhoza mayeso. Zonsezi si zabodza ayi, koma mwana amene wangolandira mayankho okonzeratu sanawerenge kanthu. Choipitsitsa n'chakuti waphunzitsidwa khalidwe lomwelo limene nkhaniyo ikuliika poyera: kuchita chinthu chifukwa wamkulu wanena, osafunsa.

Kusanthula nkhani ndi ntchito yofuna umboni, monga mlandu pabwalo. Mphunzitsi awasiye ana awerenge okha mpaka mwala woyamba uwadzidzimutse. Akatero awabweze poyambira, awafunse: kodi mlembi anatinamiza? Apeza kuti sananame. Miyala inalipo kuyambira tsamba loyamba, ifeyo ndiye tinkaiona ngati masewera a ana chifukwa mlembi akusimba mwamtendere, dzuwa likuwala, maluwa ali ponseponse. Mwana akadzitulukira yekha zimenezi, waphunzira kuti mawu odekha angathe kubisa nkhanza, ndipo phunziroli lidzamuthandiza powerenga chikalata chilichonse, cha boma ngakhale cha nyuzipepala ino.

Ena amati nkhani yotereyi ndi yoopsa kwa ana. Inu awerengi amene mukudziwa mmene lamulo loletsa mabuku la mu 1968 linagwirira ntchito kuno kwathu, mawu amenewa si achilendo kwa inu. Chikhalirecho m'nkhaniyi mulibe magazi ambiri. Choopsa chake ndi ulemu wa anthuwo, komanso gogo Warner amene akuchita nawo maere kachi 77 ndipo akunyoza midzi ina imene ikuganiza zosiya mwambowu.

Ine ndikadakhala ndi ola limodzi lokha m'kalasi, ndikadalithera pa Tessie. Iye si ngwazi. Anafika mochedwa akuchita nthabwala, ndipo sanaone cholakwa chilichonse mpaka kapepala kataloza khomo lake. Ngakhale pamenepo sakutsutsa mwambowo, akungodandaula kuti mwamuna wake sanapatsidwe nthawi yokwanira yosankha kapepala. Afika mpaka pofuna kuti mwana wake wamkazi wokwatiwa, Eva, alowe nawo m'maere kuti mwayi wake wopulumuka uchuluke. Funsani ana a zaka 16 ngati akumumvera chisoni mayi ameneyu, ndipo aliyense aloze mzere umene ukumuikira kumbuyo. Akamaliza kukangana, afunseni kuti ndani anapatsa Davy, kamwana kake ka Tessie, timiyala toti agendere amake. Akafufuza apeza kuti mlembi sanamutchule dzina, ndipo ayenera kufotokoza chifukwa chake.