Mwana Wathu Akaphunzire Chiyani ku Yunivesite?

Mwana akakhoza mayeso a MSCE pakhomo pamamveka nthungululu. Koma ikakwana nthawi yoti alembe pa fomu ya bungwe la NCHE maphunziro amene akufuna, ambiri amangoti kakasi. Ena amafika ku yunivesite ya ku Zomba mtima udakali pawiri, poti kumeneko m'madigiri ena wophunzira amayamba walawa maphunziro angapo asanasankhe limodzi lozama nalo.

Apa ndi pamene ife makolo timalakwa. Bambo akuti udokotala, amalume akuti uloya, koma mwiniwake palibe womufunsa. Mwana amavomera chifukwa cha ulemu, kenaka n'kulephera mayeso ndi kuchotsedwa sukulu. Mbuzi zimene tidagulitsa kuti tipeze fizi zapita, ndipo ngongole ya boma ikumudikira.

Uphungu weniweni umayamba ndi mafunso atatu. Ndi maphunziro ati amene wakhala akukhoza bwino kuchokera Fomu 1? Ndi ntchito iti imene amaigwira popanda womukakamiza? Nanga kwawo kukusowa anthu odziwa chiyani?

Funso lachitatuli timaliiwala kawirikawiri. Titenge chitsanzo cha mwana wa ku chigwa cha Shire, ku Nsanje kapena ku Chikwawa. Adaona madzi osefukira mu 2015, namondwe Idai mu 2019, ndi Freddy mu 2023. Kodi alipo adamuuza kuti yunivesite ya MUST, ku Thyolo, imaphunzitsa za nyengo ndi za kuthana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi? Amadziwa minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi ngalande yochokera ku Kapichira, koma mwina sadziwa kuti ku Bunda kuli maphunziro a ulimi wothirira ndi a ziweto. Chimodzimodzinso mwana wa kuno kunyanja, amene akuona chambo chikuchepa: za nsomba amaphunzitsa ku Bunda ndi ku Mzuzu.

Tsono mwana amene sadasankhe tisamuyese wopanda nzeru. Timutume kwa mphunzitsi amene akudziwa mmene amakhozera. Ngati ali kale ku koleji, akagogode pa ofesi ya mkulu wa dipatimenti chaka chisanathe, akafunse zimene phunziro lililonse limafuna ndi kumene amene adalimaliza akugwira ntchito. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Ife tikhale naye pamphasa, timve maganizo ake, kenaka tinene athu. Koma cholembera chikhale m'manja mwake, pakuti amene akakhale m'kalasi zaka zinayi ndi iyeyo.