Zaka 50 pa ndalama yapepala

Pakati pathu alipo ena amene anasunga m'Baibulo kapena pansi pa sutikesi K1,000 yapepala imene Banki Yaikulu ya dziko lino inatulutsa mu 2014, pokumbukira kuti dziko la Malawi latha zaka 50 likudzilamulira kuchokera pa 6 Julaye 1964. Sikanali koyamba, pakuti mu 2004 bankiyi inatulutsanso K50 yokumbukira zaka 40. Koma ya mu 2014 ija inatikhudza mwapadera ife a kuno ku Kasungu, chifukwa nkhope ili pamenepo ndi ya mwana wakwathu, Ngwazi Dr. Hastings Kamuzu Banda.

Mwambo umenewu sitikuutsutsa ayi. Mtundu woiwala kumene unachokera uli ngati munthu wosadziwa mfunda wake. Komabe ndalama si chithunzi chopachika pakhoma. Ntchito yake ndi kugula mchere, sopo ndi fetereza. Pamene K1,000 ija inkatuluka inkalingana ndi madola awiri ndi theka kapena kuchepera pang'ono. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pepala lomwelo silinathenso kugula ngakhale dola imodzi. Mlimi amene fodya wake amagulidwa pa mtengo wa madola ku okushoni ya Chinkhoma safuna mphunzitsi womulongosolera zimenezi.

Chimene chikutivutitsa mtima kwambiri ndi nambala ya 50 ija. Owerenga Levitiko 25 akudziwa kuti kwa Aisraeli chaka cha 50 chinali chaka choliza lipenga. Sanalamulidwe kusula ndalama yachikumbutso. Analamulidwa kubweza minda kwa mabanja amene anaigulitsa chifukwa cha umphawi, ndi kumasula abale awo amene anadzigulitsa kukhala antchito. Chikondwerero chinkapimidwa ndi chimene wosauka wabwerera nacho kwawo.

Nanga mu 2014 tenanti wa m'maesiteti athu anabwerera ndi chiyani? Tonse tikuidziwa nkhani yake. Ankabwera ndi banja lake kuchokera kutali, nalandira chimanga, mbewu ndi fetereza pangongole. Ankafesa nazale, kuwokera, kuthyola ndi kusoka fodya, ana ake akumuthandiza m'malo mopita kusukulu. Nyengo yogulitsa ikafika, mwini esiteti ndiye ankaika mtengo, ndiyenso ankasunga kope la ngongole. Akachotsera zonse, ena ankatsala opanda ngakhale ya basi. Tisanamizane, eni maesiteti ena otere timakhala nawo pa mabenchi akutsogolo tsiku la Sabata, ndipo ife abusa zopereka zawo tinkazilandira osafunsa.

Lamulo loletsa utenanti linadza mu 2021, patapita zaka 7 chikondwerero chija chitatha. Tikuthokoza. Koma lamulo lili m'mabuku a boma ku Lilongwe, pamene kope la ngongole lili m'nyumba mwa bwana. Kusintha dzina, kuti tenanti azitchedwa wantchito, sikupindula kanthu ngati malipiro ake akudikirabe kuti mabelo agulidwe.

Choncho inu amene munasunga K1,000 ija, isungeni ndithu, adzukulu adzaione. Ndipo ngati muli ndi anthu okulimirani fodya chaka chino, tsegulani kope lija pamaso pawo, muwerengere limodzi, mkulu wa mpingo mmodzi ali pomwepo ngati mboni.