NDALE ZITULUKE M'KALASI

Amayi ndi abambo a pa Mbulumbuzi, msewu wa ku Zomba umadutsa pakhomo pathu. Tikagulitsa nandolo kapena tomato, kandalama kena timasungira fizi, poyembekeza kuti tsiku lina mwana adzakwera basi kupita ku Yunivesite ya Malawi. Tsono tifunsane: sukulu imeneyi mwini wake ndani?

Nthawi ya chipani chimodzi yankho linali lodziwikiratu. Chansala wa Yunivesite ya Malawi anali Kamuzu Banda, ndipo wapampando wa khonsolo yoyendetsa yunivesiteyo anali a John Tembo. Mphunzitsi ankayamba wayang'ana uku ndi uku asanatsegule pakamwa. Mu Seputembala 1987 apolisi anagwira a Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, n'kukawatsekera ku Mikuyu. Anatuluka mu Meyi 1991 osaonekerapo kukhoti. Mu Marichi 1992 ophunzira anaguba kuvomereza kalata ya mabishopu a Katolika, koleji n'kutsekedwa.

Pa 14 Juni 1993 Amalawi ambiri anasankha nyali, kukana tambala wakuda. Malamulo a dziko a 1994, pa ndime 33, analemba poyera ufulu wophunzitsa ndi kufufuza mopanda mantha. Ambiri anati basi zatha.

Koma ayi ndithu. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi a Peter Mukhito anaitanitsa a Blessings Chinsinga kukawafunsa mafunso. Mlandu wake? Anaphunzitsa m'kalasi kuti mavuto onga kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja angathe kuutsa anthu, monga zinachitikira ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi anakana kulowa m'kalasi mokhala akazitape. Khonsolo inachotsa ntchito anayi, kuphatikizapo mayi Jessie Kabwila. Maphunziro anaima miyezi pafupifupi isanu ndi itatu, mpaka mu Okutobala pamene Pulezidenti Bingu wa Mutharika, yemwenso anali Chansala, anati abwerere pantchito.

Anataya nthawi ndani? Mwana wa bwana amatumizidwa kunja. Wotsala pakhomo kupalira chinangwa ndi wathuyu, amene tinamugulitsira mbuzi.

Ena amati boma ndi limene limapereka ndalama, choncho lizilamula. Ndalamazo zimachokera kuti? Ndi msonkho wathu wa pa sopo ndi shuga. Boma liwerengere ndalamazo, tisabedwe, zimenezo n'zabwino. Koma lisasankhe zoti mphunzitsi anene. Dokotala kapena mlangizi wa zaulimi wophunzitsidwa kuopa sadzakuuzani zoona mankhwala akatha kapena mbewu ikakhala yonyenga.

Choncho wofuna voti akabwera ndi nsalu ndi magule, mufunseni: kodi mudzalola kuti Chansala asakhale mtsogoleri wa dziko? Kodi a khonsolo adzasankhidwa poona nzeru kapena khadi la chipani? Akazemba funsolo, mwamudziwa.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nyali ija musalole kuti izime.