Kaligo wa waya ndi kaligo ndithu

Akuluakulu ena kuno ku Katete akaona kaligo womangidwa ndi waya wa mabuleki a njinga amapukusa mutu, amati si wa makolo. N'zoona kuti kale nsambo ankazipota ndi mitsempha ya nyama kapena luzi, ndipo zinkalira mofewa. Koma lero tizipeza kuti? Nyama zakutchire zachepa, ndipo lamulo la 2015 sililola kuzipha popanda chilolezo. Mbuzi ndi ng'ombe zilipo, koma odziwa kuumitsa ndi kupota mitsempha akutha.

Vutoli linawagweraponso anzathu kunja. Nsambo za gitala ankazipanga ndi matumbo a nkhosa. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zinasowa, ndipo Albert Augustine wa ku New York anayamba kupanga za nayiloni. Katswiri Andrés Segovia anazilandira, nyimbo n'kupitirira.

Ifenso tisanyoze mnyamata wa ku Sinda kapena ku Vubwi amene wamanga bangwe ndi waya wa m'tayala. Choimbira chimafa chikasowa wochiimba. Tikamuseka, adzataya bangweyo, ndipo sadzapezekanso wina womutola.

Komabe luso lakale tisalileke lipite kumanda. Ife a m'mawayilesi a m'madera tipite kwa agogo amene akadali kudziwa kapotedwe kake, tiwajambule akufotokoza ndi kuimba, ana amve. Ndipo pa Kulamba ku Mkaika, kumapeto kwa Ogasiti, tipemphe kuti akaligo awiri alire motsatizana, wa mtsempha ndi wa waya. Makutu a anthu aweruze okha.