Foni Imodzi, Mibadwo Itatu

Lero ndifuna tikambirane za cinthu cimene si matenda ai, koma cimanditumizira odwala sabata iriyonse. Ndikunena foni ya m'manja, makamaka WhatsApp, Facebook ndi TikTok.

Pamene ndinayamba nchito ya cipatala, odwala pa benchi anali kuceza ndi kufunsana za kunyumba. Lero onse mitu iri pansi, maso pa foni. Facebook inayamba mu 2004, WhatsApp mu 2009, ndipo tsopano zafika m'nyumba zambiri za m'komboni. Koma ndaona kuti mwana, kholo ndi ambuya sagwiritsa nchito foni mofanana, ndipo sakondwa nayo mofanana. Maganizo anga ndi akuti amene akhalitsa pa foni ndiwo apeza cimwemwe cocepa, pamene amene aigwira pang'ono ndiwo akondwa kwambiri, komanso ndiwo anamizidwa msanga.

Tiyambe ndi anyamata ndi atsikana a zaka 18 mpaka 30. Awa amabwera kwa ine ndi mutu wosatha, khosi lowawa, maso olemera, ndipo amapempha Panadol. Ndikafunsa kuti, "Kodi mumagona nthawi yanji?" ambiri amati 1 koloko kapena 2 koloko usiku, cifukwa ca mavidiyo a TikTok ndi Facebook. Munthu wamkulu afunika kugona maola osacepera 7, ndipo kuwala kwa foni pamodzi ndi nkhani zosatha kumathawitsa tulo. Cina ndi ici: mnyamata wosowa nchito amaona anzake akujambulitsa pa galimoto, mwina galimoto ya eni ake, ndipo mtima umamuwawa. Ena ayamba njuga ya mpira pa foni, ndalama ya ndiwo nkupita. Ndikawafunsa ngati akondwa nazo, amayankha kuti, "Ndimangozolowera cabe." Cimeneco si cimwemwe, ndi cizolowezi.

Gulu laciwiri ndi lathu, ife a zaka 30 mpaka 55. Kwa ife foni ndi khasu. Amai a salaula amaika zithunzi za zovala pa WhatsApp, akalipentala amaonetsa mipando, ndipo a cilimba amakumbutsana tsiku loponya. Tiri m'gulu la chalichi, la sukulu ya ana, la banja ndi la maliro. Izi zatithandiza ndithu, pakuti uthenga wa maliro umene kale unali kudikira wailesi kapena basi ya ku Lundazi lero ufika nthawi yomweyo. Koma foni ya kholo sipumula. Uthenga uliwonse ndi pempho la ndalama, ndipo mabanja ena akuyambana cifukwa ca uthenga wobwera pakati pa usiku. Ife tipindula nayo foni, koma kukondwa nayo nkwapakati.

Tsopano ambuya athu. Awa ambiri sadziwa kulemba pa foni, koma adziwa kutsinikiza ndi kulankhula. Akamva mau a mwana wao wa ku Kitwe, kapena kuona nkhope ya mdzukulu wa ku Johannesburg, tsiku lonse amakhala osangalala. Ine ndimakondwera nazo, cifukwa kusungulumwa nako kumadwalitsa okalamba. Bvuto ndi lakuti ambuya anakulira pa wailesi ndi nyuzipepala, kumene nkhani inali kuyamba yafufuzidwa isanatuluke. Motero ciriconse cotuluka mu foni amaciyesa coona. Izi si za kuno kokha. Ofufuza a ku America anafalitsa mu 2019 zimene anapeza zakuti, pa nthawi ya masankho a 2016, anthu opitirira zaka 65 ndiwo anatumiza nkhani zabodza zambiri pa Facebook kuposa acinyamata.

Amai ena okalamba, amene ndinali kuwaona mwezi uliwonse cifukwa ca BP, anasowa kwa miyezi itatu. Tsiku lina anabwera atanyamulidwa, pakamwa patapotoka, dzanja ndi mwendo wa kumanja zosagwira. Mwana wao anandiuza kuti analandira uthenga wa mau m'gulu la WhatsApp, wonena kuti mapiritsi a BP amaononga impso, ndi kuti adyo ndi mandimu nzokwanira. Analeka kumwa mankhwala. Abale anga, mapiritsi a BP sacotsa matendawa, amangowagwira kuti asakwere. Mukaleka, BP imakwera mwakacetecete, mwina popanda ngakhale mutu, mpaka mtsempha wa mu ubongo utaphulika kapena kutsekeka. Ndipo BP yosasamalidwa ndiyo imaononga impso. Amaiwo ali moyo, koma sangathenso kudziphikira nsima.

Tinaonanso zotere pa nthawi ya COVID-19, pamene katemera anafika mu 2021 ndipo mafoni anadzaza ndi mabodza. Cimodzimodzinso pa kolera imene inayamba mu October 2023 ndi kupha anthu oposa 700, mpaka bwalo la National Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala. Uthenga wofunika unali wapafupi: thirani klorini m'madzi kapena awiritseni, sambani m'manja ndi sopo, mpatseni wodwala madzi a moyo ndipo thamangani naye kucipatala. Koma mauthenga a mankhwala odabwitsa ndiwo anali kuyenda msanga.

Ena adzati, "Alandeni foni ambuyawo." Ine ndikana. Kuwalanda foni ndi kuwalanda adzukulu ao. Enanso adzati ana amakono ndi osamva. Koma ndani amene amadya nsima dzanja lina liri pa foni? Ndife makolo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo m'nyumba imodzi muli kale mankhwala a bvutoli, cifukwa cimene m'badwo wina usowa, m'badwo wina uli naco.

Inu acinyamata, khalani pansi ndi ambuya. Asonyezeni mau akuti "Forwarded many times" pamwamba pa uthenga, ndipo auzeni kuti uthengawo wadutsa m'manja ambiri ndipo mwini wake sadziwika. Auzeninso kuti asapatse munthu aliyense nambala yacinsinsi ya ndalama za mu foni. Inu ambuya, muli ndi mphamvu yonena kuti pa mphasa ya cakudya pasakhale foni, ndi kuti ikakwana 22 koloko foni zonse zigone pa tebulo. Inu makolo, musatumize uthenga wa mankhwala umene simudziwa kumene wacokera, ngakhale watumizidwa ndi munthu amene mumamulemekeza.

Pomaliza, pempho langa ndi limodzi. Ngati mumamwa mankhwala a BP, a shuga, a TB kapena ma ARV, musaleke cifukwa ca mau a mu foni. Bwerani nayo foniyo kukiliniki, mutimvetse uthengawo, tikambirane. Palibe amene adzakusekani. Akulu anati safunsa anadya phula.

Tsalani bwino, tidzakumananso pa tsamba lomweli.