Alendo odzagwira nchito m'dziko la Amaasai: akupindula ndani?

Amaasai ndi anthu oweta ng'ombe. Amakhala kumwera kwa Kenya ndi kumpoto kwa Tanzania. Dziko lawo ndi la udzu ndi mitengo ya apa ndi apo. M'menemo mumakhalanso njovu, mikango, mbidzi ndi nyumbu. Kwa zaka zambiri alendo akhala akupitako kukaona nyamazi. Masiku ano kukubweranso alendo a mtundu wina. Iwowa amalipira okha ulendo, n'kukagwira nchito yopanda malipiro kwa milungu ingapo, kuthandiza kukonza malo amene aguga. Kodi zimenezi zikuthandizadi?

Tiyambe ndi cimene cavuta. Kale msipu unali wa onse. Abusa ankayenda ndi ng'ombe kutsata mvula, ndipo malo amene acoka ankapuma mpaka udzu kumeranso. Tsopano ku Kenya malo ambiri adagawidwa, aliyense ndi cigawo cake, ndipo ena adamanga mipanda ya waya. Ng'ombe zimangodya pamodzimodzi. Zikamaliza udzu, nthaka imauma gwa. Mvula ikagwa, madzi salowa pansi, amangothamanga n'kukokolola dothi. Pamwamba pa izi padabwera cilala. Kumeneko mvula imagwa kawiri pa caka, koma kuyambira 2020 mpaka kumayambiriro kwa 2023 idakanika kasanu motsatizana. Ziweto mamiliyoni zidafa. Ngakhale njovu za ku Amboseli zidafa ndi njala.

Nanga malo oguga amawakonza bwanji? Ku Kuku, pafupi ndi mapiri a Chyulu ku Kenya, bungwe la Justdiggit la ku Netherlands limagwira nchito ndi bungwe la Maasai Wilderness Conservation Trust. Anthu a m'deralo amakumba maenje ooneka ngati theka la mwezi, aakulu pafupifupi mamita 5. Dothi amaliunjika kumunsi kuti lichinge madzi. Madzi akaima amalowa pansi, ndipo mbewu za udzu zimene afesamo zimamera. Amayi ali ndi minda yawo ya udzu. Amakolola mbewu n'kugulitsa. Palinso mwambo wakale wochedwa olopololi, wosunga msipu wina kuti ana a ng'ombe adzadye m'cilimwe. Nzeru imeneyi ndi ya makolo awo.

M'madera ena alendo odzipereka amathandiza pa nchito zonga izi. Amazula zomera zoononga msipu, amabzala mitengo, amawerenga nyama ndi kulemba kumene zikudya. Akulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Zoona, mlendo wina amadziwa kugwiritsa nchito kompyuta ndi mapu, ndipo akabwerera kwawo amakauza anzake zimene adaona. Komatu pa khasu, wacinyamata wa pamudzipo amamuposa kutali. Cimene mlendo amabweretsa ceniceni ndi ndalama.

Ndalamayo ikafika kwa eni malo, imasintha zinthu. Taonani za ku Maasai Mara. Kunja kwa malo a boma osungirako nyama, mabanja a Amaasai adaphatikiza malo awo n'kuwabwereketsa kwa eni misasa ya alendo. Umu ndi mmene Mara North idayambira mu 2009, ndi Naboisho mu 2010. Mwini malo amalandira ndalama mwezi ndi mwezi. Ng'ombe zimaloledwa kudya m'zigawo zina pa nthawi imene agwirizana. Munthu wolandira ndalama yotere safulumira kumanga mpanda kapena kugulitsa malo.

Koma akulu omwewo adatinso mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mu 2020, matenda a Covid-19 atabuka, ndege zidaima ndipo misasa idatsala yopanda anthu. Ndalama za eni malo zidacepetsedwa. Apa ndi pamene ng'ombe idaonetsa kufunika kwake, cifukwa banja lokhala ndi ziweto linali ndi pothawira. Vuto lina ndi lakuti mlendo nthawi zambiri amalipira kampani yokonza maulendo, mwina ya kunja. Ikacotsapo za cakudya, galimoto ndi phindu lake, yofika pamudzi imatha kukhala yocepa. Ndiponso ngati mlendo akugwira ulere nchito imene munthu wa pomwepo akadalipidwa nayo, ndiye kuti wamulanda ganyu.

Palinso nkhani yowawa kuposa izi. Mawu akuti kuteteza cilengedwe sakoma m'makutu mwa Amaasai onse. Mu 1959, m'nthawi ya atsamunda, adawacotsa ku Serengeti. Mu Juni 2022, boma la Tanzania lidaika malire pa malo okwana makilomita 1,500 m'bwalo lake ku Loliondo, kuti akhale a nyama zokha. Padabuka ndewu, anthu adavulala, ndipo wapolisi mmodzi adafa. Caka comweco mabanja ena a ku Ngorongoro adayamba kusamutsidwira ku Msomera, kutali m'cigawo ca Tanga. Boma likuti anthuwo akupita mwa kufuna kwawo. Amaasai ambiri akuti akukakamizidwa, ndipo mu Ogasiti 2024 adatseka msewu wa alendo ku Ngorongoro posonyeza kukwiya. Udzu ungamere bwino, koma ngati mwini ng'ombe saloledwa kudyetsapo, kwa iye palibe cakonzeka.

Nkhaniyi ikutikhudza ifenso. Kuno ku Mozambique lamulo limati 20% ya misonkho ya nkhalango ndi nyama za kuchire ipite kwa anthu a m'deralo. Ku Tete anthu akudziwa za Tchuma Tchato. Conco mafunso a Amaasai ndi athu omwe. Akabwera alendo kapena bungwe lofuna kukonza malo, tifunse pa msonkhano, pamaso pa amfumu. Malowo atsala m'dzina la yani? Pa ndalama imene mlendo walipira, yotsala pamudzi ndi ingati, ndipo aisunga ndani? Olembedwa nchito ndi ana athu kapena ayi? Udzu ukamera, ziweto zidzadya liti? Mayankho alembedwe pa pepala, ndipo inu amene tsopano mukudziwa kuwerenga, muliwerenge lonse musanasaine.